Kapusi ka ku Kanapoi ndi funso la mwana wanu, mayi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene mwana wake wamkazi ali Fomu 2. Akuti mwanayo anawerenga pa foni za kapusi kakang'ono kamene kanatha kalekale ku Kenya, kodziwika ndi mano okha basi, nde anafunsa kuti anthu angadziwe bwanji nyama yonse pongoona mano. Mayiwo anamuyankha kuti zimenezo ndi nkhambakamwa za azungu, koma mtima sukukhala m'malo, akufunsa kuti amuuze chani.

Mayi, imelo yanu ndinaiwerenga katatu ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere msanga, chifukwa mwana wanuyo akundikumbutsa ineyo ndendende.

Ine ndinakulira kumudzi, munda wathu unali m'tsinde mwa phiri, ndipo chimanga chikangoyamba kukhwima ntchito ya ife ana inali kulondera apusi. Kudzuka mbandakucha, legeni m'khosi, chitini chogogoda m'manja, mame mpaka m'mawondo. Tsiku lina ndili Sitandade 6 galu wathu anafukula kachigaza pansi pa mkuyu, koyera mbee, chibwano chake chili pomwepo. Ndinathamanga nako kwa agogo aamuna amene anali pakhonde akuluka mphasa. Iwo sanadabwe olo pang'ono, anakatembenuza, nkuyendetsa chala pa mano, nkunena kuti "uyu ndi pusi wamphongo, ndipo anafa atakalamba." Ndinafunsa kuti mwadziwa bwanji agogo? Anandionetsa mano awiri osongoka aja kutalika kwake, kuti wamkazi safika pamenepo, kenako akumbuyo otafunira aja mmene anaperepesekera ngati mphero yakale. Agogo amenewa pakhomo pa sukulu sanapondepo. Ndi omwewonso amene pogula mbuzi kumsika ankayamba aikanula kukamwa asanamve mtengo, wogulitsa kaya alumbire bwanji kuti ndi kamsoti.

Mawa lake ndinakakulunga kachigaza kaja mu jumbo kupita nako kusukulu, mtima uli dyokodyoko kuti aphunzitsi a sayansi akasangalala. Anandiimika kutsogolo, kundifunsa ngati kwathu timatamba, nkutuma mnyamata wina kuti akataye kuchimbudzi. Kalasi yonse inaseka, dzina limene anandipatsa tsiku limenelo linandikakamira mpaka ndinalemba mayeso a Sitandade 8, ndipo zoona zake kuyambira pomwepo mkono sindinakwezenso mkalasi kwa zaka. Mpaka lero ndikakumbukira chifuwa chimathina. Nde mukandiuza kuti mwana wafunsa funso labwino chonchi nkuyankhidwa kuti ndi za azungu, sindikukudzudzulani ayi mayi, poti mwachita bwino kulemba, koma mawu amenewo ndimadana nawo kwambiri. Amatilanda nzeru zimene ndi zathu kale. Kuwerenga mano ndi ntchito imene agogo anga ankaichita pakhonde, akatswiri angoonjezerapo zoyezera ndi mabuku.

Komanso siza azungu okha. Kapusi kameneka dzina lake ndi Nanopithecus browni, anakalengeza mu 2019, ndipo mmodzi mwa akatswiri amene anatsogolera ntchitoyo ndi Fredrick Kyalo Manthi, Mkenya, wa ku National Museums of Kenya, pamodzi ndi anzake a ku America monga Carol Ward ndi Michael Plavcan. Malo ake ndi Kanapoi, kumwera chakumadzulo kwa nyanja ya Turkana, dera louma kwambiri, komwenso katswiri wina wa mafupa akale, Meave Leakey, ndi gulu lake anapezako mafupa a Australopithecus anamensis, wachibale wakalekale wa anthu, amene anamutchula dzina mu 1995. Kapusiko kanakhalako zaka pafupifupi 4.2 miliyoni zapitazo, ndipo kulemera kwake kunali cha mu kilogalamu imodzi. Tanyamulani paketi ya shuga mmanja, ndi kameneko, katakula kale.

Chifukwa chake mano ndi amene amatsala nchakuti chikuto choyera chakunja kwa dzino ndi chinthu cholimba kuposa china chilichonse mthupi, nyama imaola, mafupa afisi amaphwanya, koma dzino limapirira mpaka kusanduka mwala munthaka. Ndipo apusi ndi anyani a kuno ku Africa mano awo otafunira ali ndi kapangidwe kawokawo, timitu tinayi tolumikizana tiwiritiwiri ngati mizere iwiri ya m'munda, moti wozolowera akangoona amadziwa banja lake. Kukula kwa dzino kumayenderanso limodzi ndi kukula kwa thupi, nde amayeza mano a apusi amoyo ambirimbiri odziwika kulemera kwawo nkuyerekeza. Mano a ku Kanapoi anapezeka kuti ndi a banja limodzi ndi pusi wathu wakuba chimanga uja komanso nchima wa m'nkhalango za Mulanje ndi Zomba. Chimene chinandigwira mtima ine nchakuti lero kapusi kochepa choncho, kotchedwa talapoin, kamapezeka m'nkhalango zowirira za m'mbali mwa mitsinje ku Gabon, Cameroon ndi Angola, pomwe Kanapoi nthawi imeneyo kunali udzu ndi mitengo ya apo ndi apo. Kanyama ka kilo imodzi pamtetete, ziwombankhanga zikuzungulira kumwamba. Ndimakaganizira ndikamaona kamwana ka pusi katakakamira pamimba pa make.

Nanga zaka amaziwerenga bwanji?

Apa ndi pamene ambiri amakanirira. Dera la Turkana linali ndi mapiri ophulika, ndipo phiri likaphulika phulusa limayala ponseponse ngati bulangete, kenako dothi lina limabwera pamwamba. Mu phulusalo muli timiyala tokhala ndi potaziyamu, amene pang'onopang'ono amasanduka mpweya wa argon pa liwiro lodziwika, nde akayeza kuchuluka kwake amadziwa kuti phulusalo linagwa liti. Fupa likapezeka pakati pa phulusa lapansi ndi lapamwamba, zaka zake zili pakati pomwepo. Dzina loti browni ndi lolemekeza Francis Brown, katswiri wa miyala amene anathera moyo wake akulondola phulusa limeneli ku Turkana.

Ndipo izi sizakutali monga timaganizira, ine ndinafika ku Karonga ndili wamkulu kale, ndi ana anga awiri, nkulowa mu myuziyamu muja muli chimafupa cha Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana cha mtundu wa dinosaur chimene chinapezeka ku Karonga komweko, ndinaima nthawi yaitali osayankhula mpaka mwana wanga kundikoka malaya. Ku Uraha, mu boma lomwelo, mu 1991 gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano cha munthu wakalekale cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, munthaka yathu yomwe ino. Chibwano ndi mano, zomwe zija aphunzitsi anga anatayitsa kuchimbudzi. Ndinalira pang'ono mu minibasi pobwerera, sindibisa. Ndipo ndinene izi poti ena amaopa: ine ndimaimba kwaya Lamulungu lililonse, kuyang'ana mano a pusi sikunandichotsepo kutchalitchi.

Tsono mayi, mwanayo muuzeni kuti funso lake ndi labwino ndipo munayankha mofulumira. Mukadzapha mbuzi musataye chibwano, chiwiritseni, chiume, achiyerekeze ndi mano ake pagalasi komanso ndi a galu, alembe m'kope zimene akuona. Ndalama zikadzapezeka pa holide mukwere naye basi ya ku Karonga, ndipo akadzafunsa china chimene chakukanikani munditumizirenso imelo, tidzafufuza limodzi.