Bwenzi lanu ndi la ku Angónia, ku boma akubwezani: yambani ndi ukwati wake woyamba

Mayi wina wa kufupi ndi Lizulu ku Ntcheu walemba kuti akufuna kulembetsa ukwati ndi bambo wa ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Chinkhoswe chinachitika kale. Atapita ku boma anangomuuza kuti mapepala a bambowo sakukwana, osatchula kuti ndi ati. Achibale akuti asadzivutitse, ankhoswe anamanga kale. Kumapeto kwa kalata wawonjeza kuti bamboyo anali ndi mkazi amene anakwatirana naye ku ofesi ya boma ku Tete, koma anasiyana kalekale.

Mayi, mawu amene mwawaika kumapeto ngati ongodutsa ndi amene andidetsa nkhawa kuposa kubwezedwa kwanu ku boma. Kupatukana, ngakhale kwa zaka 10, sikuthetsa ukwati wolembetsa. Ukwati wotere umatha ndi imfa kapena ndi chisudzulo chochitidwa mwalamulo. Ngati bambowo anangonyamula chikwama n'kuchoka, mayi wa ku Tete uja akadali mkazi wake pamaso pa lamulo. Ndipo ukwati wa ku boma, kuno kwathu komanso ku Mozambique, ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Lamulo lathu la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, silimulola kukwatiranso ukwati woyambawo usanathe, ndipo kuchita zimenezo ndi mlandu.

Vuto limeneli silionekera tsiku la ukwati. Limadikira. Ndaonapo nkhani zotere zikuphulika pa maliro: bambo wamwalira, anthu ali pa siwa, kenaka kutulukira mayi wochokera tsidya la malire atanyamula satifiketi yachipwitikizi yokhala ndi chidindo. Amene anadwazika malemuyo, amene anaumba naye njerwa za nyumba ndi kulima naye mbatata ya kachewere, amayamba kufunsidwa kuti iye ndi ndani. Nthawi imeneyo ankhoswe aja amangoyang'ana pansi, ndipo achibale amene ankati chinkhoswe chakwana sapezeka kukhoti. Ana amakhala otetezedwa, chifukwa malamulo oyendetsera dziko lino amati mwana asasalidwe kaamba ka momwe anabadwira, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawawerengera. Koma inuyo mungafunike kutsimikizira khoti chimene munaikapo pa katundu aliyense, chimodzichimodzi. Sindikunena kuti mungatuluke chimanjamanja, pakuti khoti limaona umboni wa mlandu uliwonse pawokha. Ndikunena kuti mungakhale mukumenyera kukhoti chinthu chimene mkazi wovomerezeka amachipeza ndi pepala limodzi.

Ena adzakuuzani kuti lamulo lomwelo limavomereza ukwati wa pachikhalidwe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi zaka zosachepera 5. N'zoona. Koma musadalire zimenezi pamene mwamunayo akadali womangidwa ndi ukwati wina wa ku boma. Apa mpamene milandu yambiri imaterera.

Choncho pepala loyamba si lanu ayi, ndi la bambowo: umboni wa chisudzulo, kapena satifiketi ya imfa ngati mkaziyo anamwalira. Akalitenge kwawo, ku khoti kapena ku Conservatória do Registo Civil kumene ukwatiwo unalembedwa. Kalata ya a mfumu a kumudzi kwawo yonena kuti awiriwa anasiyana siilowa m'malo mwa chisudzulo. Ngati sanasudzulane, ayambe wakonza zimenezo, inu mudikire. Akamazemba ulendo wa ku Tete pa nkhani imeneyi, mufunseni chifukwa chake pamaso pa ankhoswe.

Ndikudziwa kuti kwanuko kunena kuti bambowo ndi mlendo kumamveka zachilendo. Ku Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, msika ndi umodzi, chilankhulo ndi chimodzi, Angoni a mbali zonse ndi pachibale. Koma ofesi imayang'ana chiphaso, ndipo chiphaso chake ndi cha dziko lina. Chimene sindigwirizana nacho n'chakuti kalaliki abweze munthu ndi mawu akuti "sakukwana" basi, munthu walipira ndalama ya basi ulendo wonsewo. Mukabwererako, pemphani mwaulemu kuti akulembereni papepala zimene akufuna, ndipo lembani tsiku ndi dzina la amene mwalankhula naye.

Zotsalazo n'zosavuta kwambiri. Inu mutenge chiphaso chanu cha unzika cha NRB. Bambowo akhale ndi pasipoti yosatha ntchito, yodindidwa kuti analowa m'dziko muno mwalamulo, pa chipata ngati cha Dedza kapena Biriwiri, osati kungodumpha msewu. Kawirikawiri amafunanso kalata yochokera kwawo yotsimikiza kuti palibe chomuletsa kukwatira. Mapepala achipwitikizi amasuliridwe m'Chingerezi ndi munthu wovomerezeka, ndipo funsani ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Lilongwe za zidindo zotsimikizira kuti ndi enieni. Yang'anitsitsani mayina: ngati pa pasipoti alembedwa mwina ndipo pa chisudzulo mwina, ngakhale chilembo chimodzi, konzetsani kapena akalumbire kalata kwa loya kapena majisitireti musanapereke. Nonse mukhale ndi zaka zosachepera 18, ndipo mukonzeretu mboni.

Mukapereka chidziwitso cha ukwati kwa wolembetsa maukwati, monga ku ofesi ya DC, chimakhomedwa poyera masiku 21 kuti wotsutsa atsutse. Chidziwitsocho chili ndi malire a miyezi itatu, choncho musapereke chidziwitso pamene mapepala a ku Tete sanafike m'manja. Onetsetsaninso kuti masiku amene bambowo analoledwa kukhala muno sakutha pakati pa nthawi yodikirayi. Ndalama iliyonse imene mwalipira, tengani lisiti la boma. Wina akati mumupatse kangachepe kuti afulumizitse, kanani.

Satifiketi ya ukwati siimusandutsa bambowo kukhala nzika ya Malawi, ndiponso siimupatsa yokha chilolezo chokhala muno. Zimenezo akapempha padera ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka, ndipo kuvomera kapena kukana kuli kwa iwo. Ngati mudzakhala mbali ya ku Mozambique, mukalembetsenso satifiketiyo kumeneko. Ngati ndalama za loya zikuvuta, pitani ku Legal Aid Bureau ndi mapepala onse amene muli nawo, kuphatikizapo satifiketi ya ukwati woyamba uja ngati bambowo angaipeze.