Kodi pogula chovala pafoni timachiyesa kapena timachiyeza?

Mayi wina wa ku Area 47 mumzinda wa Lilongwe, yemwe ali m'gulu la achinyamata opanga mapulogalamu a pafoni, walemba motere: "Tikupanga pulogalamu yothandiza anthu ogula katundu pa intaneti kuona momwe magalasi, nsapato kapena diresi zingawaonekere asanalipire. Munthu amaloza kamera ya foni kumaso kapena kumapazi kwake, ndipo katunduyo amaoneka ngati wamuvala. Tasemphana maganizo pa mawu oti tilembe pabatani, poti ena akuti 'Yesani' pomwe ena akuti 'Yezani'. Oyenera ndi ati? Nanga luso limeneli, lomwe eni ake amalitcha augmented reality, tilitchule chiyani m'Chichewa?"

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Pabatanipo lembani kuti "Yesani". Kuyesa ndi kuchita kanthu pofuna kuona ngati kangatheke kapena kangakukomereni, ndipo n'chifukwa chake wogulitsa kaunjika kumsika wa Tsoka amati "tayesani jeketeyi" akaona kuti wogula akukayika. Kuyeza ndi kufufuza kukula, kulemera kapena mmene chinthu chilili pogwiritsa ntchito chipangizo: telala amayeza chiuno ndi tepi, wogulitsa chimanga amayeza thumba pasikelo, ndipo kuchipatala amayeza magazi. N'zoona kuti polankhula anthu ambiri amasakaniza mawu awiriwa, moti "ndiyeze kaye malayawa" simawu achilendo m'misika yathu, koma polemba ndi bwino kuwasiyanitsa, makamaka pa ntchito yanuyi pomwe zinthu ziwirizi zikuchitika nthawi imodzi. Pulogalamu ndi imene imayeza, chifukwa kamera imapeza pomwe pali maso, mphuno ndi makutu n'kuwerengera mtunda wake kuti chithunzi cha magalasi chikhale pamalo pake ngakhale munthu atembenuze mutu. Wogula ndi amene amayesa. Choncho mukhoza kulemba kuti "Dikirani pang'ono, tikuyeza nkhope yanu", kenaka n'kubwera batani loti "Yesani magalasiwa", ndipo mawu onsewa adzakhala pamalo pake.

Musalembe "Yesa". Wogula simukumudziwa, ndipo akhoza kukhala munthu wa msinkhu wa makolo anu.

Pali nkhani ina imene simunafunse koma ndiyo ndikuiona yaikulu, ndipo ndi ya kusiyana kwa "kukwana" ndi "kukhala". Tikati "nsapato zakukwanani" tikunena za saizi, kuti sizikuthina ndiponso sizikukhwepa. Tikati "diresi lakukhalani" tikunena za maonekedwe, kuti mtundu ndi kasokedwe kake zagwirizana ndi thupi lanu. Mapulogalamu ambiri a mtunduwu amatha kuonetsa kukhala, koma kukwana amakulephera, pakuti chithunzi cha nsapato chimangoikidwa pamwamba pa chithunzi cha phazi ndipo sichingamve kuti chala chachikulu chikupanikizika. Kampani ya Amazon itayambitsa njira yoyesera nsapato pafoni mu 2022, chimene wogula ankaona ndi maonekedwe a nsapatoyo kumapazi kwake kuchokera mbali zosiyanasiyana. Pa magalasi zinthu zimayendako bwino chifukwa nkhope ndi yosavuta kuiyeza, ndipo kampani ya ku America ya Warby Parker idayamba kuchita zimenezi mu 2019 pogwiritsa ntchito kamera yakutsogolo ya iPhone. Mukalemba kuti "Onani ngati zakukwanani" pomwe pulogalamu yanu siyeza phazi, mwalonjeza chimene simungakwanitse, ndipo mayi amene watumiza ndalama zake pa Mpamba kapena pa Airtel Money n'kulandira nsapato zothina adzanena kuti mwamunamiza, ndipo adzakhala akunena zoona. Lembani kuti "Onani ngati zakukhalani", ndipo nkhani ya saizi muipatse malo akeake pomwe wogula angasankhe nambala yake.

Samalaninso ndi mneni "kuvala", chifukwa sagwira pa katundu aliyense. Malaya, nsapato, chipewa, wotchi, ndolo, wigi ndi magalasi timavala. Duku timamanga. Zodzoladzola timadzola kapena kupaka, ndipo gawo limeneli si laling'ono pamalonda awa, poti kampani ya L'Oréal idagula kampani ya ModiFace mu 2018 kuti makasitomala aziyesa mitundu ya lipisitiki pafoni. Mipando ndi matebulo timaika, monga momwe pulogalamu ya IKEA Place ya mu 2017 inkalolera munthu kuona sofa itaikidwa pabalaza pake asanaigule. Ubwino wa mawu oti "Yesani" ndi wakuti amagwira ponseponse, koma m'malangizo otalikirapo gwiritsani ntchito mneni woyenera katundu aliyense.

Pa dzina la lusoli, sindikukulangizani kupeka mawu atsopano. Mawu opeka patebulo kawirikawiri sakhalitsa ngati anthu sanawalandire, ndipo batani la pafoni si malo ophunzitsira anthu mawu achilendo. Mukamakambirana ndi anzanu opanga mapulogalamu kapena polemba za ntchito yanu, siyani dzina loti augmented reality kapena AR momwe lilili, ndipo koyamba mulifotokoze kuti ndi luso loika chithunzi chopangidwa ndi kompyuta pamwamba pa zinthu zenizeni zimene kamera ikuona. Kwa wogula, nenani zomwe achite basi: "Yesani pafoni musanagule". Ngati mukufuna kutsindika kuti kuvalako si kwenikweni, mawu oti "kuyesa mongoyerekeza" ndi omveka kwa aliyense. Pewani "kuyeserera", amene amatanthauza kukonzekera monga ichitira kwaya isanakaimbe, komanso "kuyesayesa", amene amapereka chithunzi cha munthu wovutika ndi chinthu chomukanika.

Bambo wina wa ku Kawale, yemwe amagulitsa nsapato kudzera pa WhatsApp ndi pa Facebook, wafunsa ngati tilembe "pafoni" kapena "pa foni".

Bambo, malamulo a kalembedwe amene timaphunzitsa m'sukulu amati pa, ku ndi mu osonyeza malo aziphatikizidwa ku dzina wamba, monga pamsika, kusitolo ndi mugalimoto, koma azipatulidwa ku dzina lamwinimwini, monga ku Lilongwe ndi pa Facebook. Foni ndi dzina wamba lomwe lidakhazikika kale m'Chichewa, choncho lembani "pafoni". Mawu oti intaneti ambiri amawapatula chifukwa kuphatikiza kumagundanitsa a ndi i, ndipo ine sindiona vuto ndi "pa intaneti", bola musankhe njira imodzi n'kuitsatira m'zolemba zanu zonse zamalonda.