Mnyamata wanu akufuna ukomando? Mumuuze izi, mayi

Mayi a ku Lizulu, mwati mwana wanu wamaliza Fomu 4 ndipo pakamwa pake sipachoka nkhani ya makomando, aja ovala beleti yofiira moderako. Mwafunsa kuti amalowa bwanji, amanyamula chiyani, ndiponso miyambo yawo ija imatanthauzanji.

Palibe amene amachoka kunyumba n'kukalembedwa ukomando tsiku lomwelo. Amayamba kaye usilikali wamba. A Malawi Defence Force akalengeza kuti akulemba anthu, mwana amafunsira ndi setifiketi yake ya MSCE, amamuyeza thupi, amamuthamangitsa, ndipo akapambana amapita kukaphunzira ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima. Ena amatchula Mlangeni ndi Mtakataka, koma kumeneko n'kwa apolisi, musasokoneze. Akamaliza amamutumiza ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, Cobbe ku Zomba, Moyale ku Mzuzu kapena kwina. Gulu la odumpha m'ndege, aja a beleti yofiira, lotchedwa Parachute Battalion, lili ku Salima komweko, ndipo maphunziro ake ndi owonjezera pa usilikali umene munthu waphunzira kale. Munthu wina akakuuzani kuti mum'patse ndalama kuti dzina la mwana lilowe, ameneyo ndi wakuba. Musagulitse mbatata zanu chifukwa cha iye.

Ana athu amaona beleti ndi mfuti pa Facebook, koma chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi chikwama cha kumsana. Muli madzi, chakudya cha masiku angapo, zipolopolo, chofunda, mabatire a wailesi yolumikizirana, mankhwala ndi lamba womangira mwendo kapena mkono kuti magazi asiye kutuluka. Onjezani chisoti, chovala choteteza pachifuwa ndi mfuti, katunduyo amapitirira theka la thumba la feteleza, ndipo munthu amayenda naye usiku, m'matope, tulo tosakwanira, jombo zitanyowa. Magulu oterewa amayenda anthu ochepa, kutali ndi anzawo, choncho aliyense ayenera kudziwa kuwerenga mapu ndi kampasi ngakhale GPS itafa, komanso kuthandiza mnzake wovulala popanda kudikira dokotala. Magalasi oonera usiku alipo m'magulu otere, koma amene sanazolowere mdima samuthandiza kwenikweni.

Pa kudumpha, wophunzira amavala maparachuti awiri, yaikulu kumsana ndi yapadera pamimba. Yaikuluyo imakhala ndi chingwe chokoledwa m'ndege, ndiye akangotuluka pakhomo chingwecho chimaitsegula chokha. Amadumphira pafupi, mamita 300 kapena kupitirirako pang'ono, kuti asachedwe m'mwamba pamene mdani angamuone. Asanakwere ndege amatha masiku akuphunzira kugwa: mapazi pamodzi, mawondo opinda, kugubuduzika cham'mbali. Miyendo yambiri imathyoka pofika pansi pamenepa. Akakwanitsa kudumpha kangapo ndi pamene amam'patsa chizindikiro cha mapiko chovala pa yunifolomu. Beleti yofiira moderako ija inayamba ndi asilikali odumpha a ku Britain mu 1942, ndipo maiko ambiri anatengera.

Miyambo yawo ine ndimailemekeza kwambiri, ndipo ife a ku Ntcheu sitiyenera kuvutika kuimvetsa, poti pa Umhlangano ku Nkolimbo timaona amuna atagwira zishango akuponda ngoma mwendo umodzi pamaso pa Inkosi Gomani. Perete yotsiriza maphunziro ku MAFCO ndi tsiku limene makolo amaona mwana wawo atasanduka munthu wina, akuyenda ndi anzake mazanamazana phazi limodzi, bandi ikuimba. Mwezi wa November amakumbukira amene anafera kunkhondo, amaika nkhata za maluwa pa chipilala cha ku Zomba chimene anamangira asilikali a nthawi ya atsamunda a King's African Rifles, komanso pa cha ku Lilongwe. Ndiye pali mwambo umene mayi aliyense saufuna: bokosi lokutidwa ndi mbendera, kuombera mfuti m'mwamba, lipenga lomaliza.

Ndautchula dala, chifukwa asilikali athu amapitadi kunkhondo. M'zaka za m'ma 1980 analondera njanji ya ku Nacala nkhondo ya ku Mozambique ili mkati, nthawi imene midzi yathu ya m'malire inadzaza ndi othawa kwawo. Mu December 1993 analanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani. Mu 2013 anayamba kumenya nkhondo ku Congo pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa pansi pa United Nations. Mu November 2018 pafupi ndi tauni ya Beni ku Congo komweko tinataya asilikali asanu ndi mmodzi polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anaona msilikali wa ku Tanzania atavulala, anam'kokera pobisalika zipolopolo zikuuluka, ndipo anaomberedwa akum'thandiza. Mtanzania uja anapulumuka. Mu May 2019 banja la Chitete linalandira mendulo ya Captain Mbaye Diagne ku New York, ulemu waukulu kwambiri umene United Nations imapereka kwa osungitsa mtendere. Mwana wanu aidziwe nkhani imeneyi asanalembe kalata yofunsira ntchito.

Akaimva n'kukhalabe ndi mtima womwewo, musamuletse, ndi ntchito yolemekezeka. Ayambe pano kudzuka m'mamawa kuthamanga zitunda za kwanuko, poyamba wopanda katundu, kenako ndi chikwama. Aphunzire kusambira, poti ana ambiri a kumtunda kuno madzi akuya sawadziwa. Asiye fodya ndi kachasu ngati anayamba. Ndipo mupite naye kuchipatala akamuone maso, chifuwa ndi mawondo nthawi ikadalipo, kuti ngati pali vuto lochizika alichize chilengezo chisanatuluke.