Yankho kwa achimwene pa za kutuluka kwa Amayi

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko ku Lusaka? Ndauona uthenga wanu m'gulu labanjali. Mwafunsa kuti bwanji Amayi chibwerereni kuno ku Chipata akungobindikira m'nyumba, pamene kumudzi ku Chadiza sankakhala pansi. Ndati ndiyankhe ndi mawu, kulemba kungandichedwetse.

Si ulesi ayi. Mawondo akuwawa, zimenezo n'zoona, koma vuto lenileni ndi loti m'tauni muno nkhalamba ilibe popumira. Kumudzi akayenda pang'ono n'kutopa, pali mtengo wa mango, pali chitsa, pali khonde la munthu wowadziwa amene athamangira kukatenga mphasa. Kuno ayi. Mwezi watha tinanyamuka pano pa Kapata kuyenda wapansi kupita ku Saturday Market, ndinkafuna asankhe okha chitenje. Tili pakati pa njira anandigwira mkono, akuti ndikhale kaye. Ndinayang'ana uku ndi uku, mpando palibe, mthunzi palibe. Pamene pali mthunzi pali kale munthu ndi malonda ake. Anakhala pamwala m'mbali mwa ngalande, fumbi la magalimoto likuwathira kumaso. Mtima unandipweteka, achimwene. Mayi wina wogulitsa tomato ndiye anawaona n'kuwabwereka kampando kake, iye n'kuima. Mulungu amudalitse mayi ameneyo.

China ndi msewu. Inu mukuudziwa Great East Road mmene umadutsira pakati pa tauni, malole opita ku malire a Mwami, mabasi, kuonjezanso njinga zonyamula anthu ndi njinga zamoto zimene zachuluka masiku ano. Ife timaoloka mothamanga. Amayi ndi ndodo yawo amafuna nthawi. Amaima m'mbali kudikira, akati aponde, belu lanjinga kumbuyo, hutala kutsogolo, abwereranso. Akafika kutsidya thupi lonse likunjenjemera. Nyengo yamvula ndiye musanene, madzi otsika m'mapiri aja amakumba m'mbali mwa njira, poponda pamakhala poterera.

Dikirani pang'ono, ndichepetse moto pa mbaula.

Eya. Ndiye pali nkhani ya chimbudzi, imene iwo sangakuuzeni inu mwana wamwamuna. Munthu wamkulu sachedwa kufuna kutaya madzi. Zimbudzi za m'tauni n'zolipira, zili patalipatali, ndipo zambiri n'zonjuta, mawondo awo salola. Choncho tsiku loti tituluka amakana kumwa madzi kuyambira m'mawa. Taganizani dzuwa la mu Okutobala, munthu wa zaka zoposa 70 osamwa kanthu.

Koma chimene chimawawawa kwambiri, mmene ndikuonera ine, ndi moni. Tsiku lina tikubwera anandiuza kuti anthu onsewa palibe ndi mmodzi yemwe wondifunsa kuti mwadzuka bwanji. Kumudzi ulendo wa kuchigayo unkawatengera m'mawa wonse chifukwa cha malonje. Kuno achinyamata amangowalambalala ngati mtolo wa nkhuni. Nthawi zina amatchulabe tauni ino kuti Fort Jameson, dzina limene ankalimva ali mtsikana, n'kumandiloza malo amene kale panali mitengo. Chipata anailengeza kukhala mzinda mu 2017, nyumba zamalonda zachuluka, koma pomangapo sanaganizire munthu woyenda ndi ndodo.

Musaganize kuti safuna kunja. Lamlungu tikapita kutchalitchi, mapemphero akatha safuna kubwerera. Amakhala pansi pa mtengo ndi azimayi anzawo mpaka dzuwa kupendeka, kuseka kumene, kufunsana za kwawo, uyu wa ku Katete, uyu wa ku Lundazi. Pamenepo pali benchi, pali mthunzi, pali owatchula kuti ambuya. Tsiku limenelo ngakhale nsima amadya bwino.

Ndiye ine ndayamba kutuluka nawo m'mamawa dzuwa lisanakwere, ulendo waufupi, njira imene ndikudziwa kuti pali khonde la munthu wotidziwa. Chimene ndikupempha kwa inu, mukapeza kampando kopinda kopepuka kumeneko, mutumize pa basi, ndizikanyamula m'thumba. Ndalama ya takisi ya kuchipatala mwezi uno ilipo, musadandaule. Ndipo mukabwera ku mwambo wa Nc'wala mu Febuluwale, musangowatengera m'galimoto ku Mtenguleni ayi. Mupatule m'mawa umodzi muyende nawo wapansi mpaka kumsika, muwagwire mkono pooloka msewu. Akhala akukufunsani.