Mnyamata anandifunsa ngati ndidzabwerenso

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Pa Khirisimasi, amayi a mpingo wathu tinakachezera ana kumalo ena osungirako ana, titanyamula sopo, shuga ndi zovala. Potsanzikana, mnyamata wa zaka 15, amene boma linamuika kumeneko mayi ake atamwalira, anandifunsa kuti, "Agogo, kodi nanunso simudzabweranso?" Kuchokera tsikulo mtima wanga sunakhazikike. Nditani kuti ndikhale mlangizi wake kwa nthawi yaitali? Mayi a ku Zomba.

YANKHO: Mayi, funso la mnyamatayo likusonyeza kuti waona alendo ambiri obwera ndi mphatso, nadzajambulitsa naye zithunzi, kenako n'kusowa. Choncho musanamulonjeze kanthu, dzifunseni ngati mungathe kumamuyendera mosadumphitsa kwa zaka zitatu kapena kuposerapo. Mu 2002, akatswiri awiri, Jean Grossman ndi Jean Rhodes, anafufuza achinyamata a ku America amene anali ndi alangizi a bungwe la Big Brothers Big Sisters, ndipo anapeza kuti amene ubale wawo unafika chaka kapena kupitirira ndi omwe anapindula kwambiri, pamene amene anasiyidwa miyezi itatu isanakwane anayamba kudziona osafunika kuposa poyamba. Ndi bwino kumuona kamodzi pamwezi pa tsiku lodziwika kusiyana ndi kupita sabata iliyonse lero, mawa n'kutopa.

Poyambira ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu, pakuti malinga ndi lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010, mwana wotere ali m'manja mwa boma ngakhale malo amene akukhalawo akuyendetsedwa ndi mpingo kapena bungwe. Akakufunsani mbiri yanu musakhumudwe, chifukwa anthu ena ozunza ana amabweranso ngati achifundo, ndipo musamutenge kukagona kwanu popanda chilolezo.

Nkhani yaikulu ili kutsogolo. Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi munthu wosakwana zaka 18, ndiye kuti mnyamatayu watsala ndi zaka zitatu kuti ayambe kuwerengedwa ngati wamkulu. Mnzake wokulira pamudzi amafika msinkhu umenewu akudziwa kulima, kugula malonda pamsika, kukhala pamaliro ndi kulankhula ndi amfumu, pamene iye mwina sanaphikepo nsima kapena kukwera minibasi yekha. Apa ndi pamene mphunzitsi ngati inu mungathandize koposa: kumukonzekeretsa mayeso a MSCE, kumufunira mwayi wa maphunziro a ntchito zamanja kudzera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunzirowa, ndi kuonetsetsa kuti akakwanitsa zaka 16 walembetsa chiphaso cha unzika.

Chimene ambiri amaiwala ndi kwawo kwa mwanayo. Funsani a zachisamaliro ngati abale ake akudziwika, makamaka amalume ake, chifukwa m'midzi yambiri ya ku Zomba munda umatsata kuchikazi, ndipo malo a mayi ake angatengedwe ndi ena iye akapanda kumaoneka pamudzi. Ngati kumeneko kulibe chiopsezo, muperekezeni pa tchuthi akaone manda a mayi ake ndiponso kuti amfumu amudziwe.

Miyezi yoyamba angathe kukhala duu, kapena kukupemphani foni kuti aone ngati mungakwiye n'kusiya kubwera. Mukanizeni mofatsa, koma tsiku limene munapangana lisalephereke. Akakuululirani za nkhanza, uzani a zachisamaliro kapena imbani pa 116, nambala yothandiza ana, tsiku lomwelo.