Funsani Adokotala: Akuti ndikayezedwe mtima ndikuyenda pamakina

Adokotala, ndili ndi zaka 54 ndipo ndimamwa mankhwala a BP. Masiku ano ndikangokwera kamtunda ka kumsika ndimachita befu, pachifuwa n'kumathina. ECG, yoyeza kagundidwe ka mtima, anandiyeza nditagona, akuti ili bwino. Tsopano akuti ndikayezedwenso ndikuyenda pamakina. Kodi sindikagwa pomwepo?
Bambo a ku Zomba

Bambo, pitani ndithu, musazengereze. Mukagona pabedi mtima sufuna magazi ambiri, choncho ngakhale mitsempha yake itaphinjika, ECG ikhoza kutuluka yoyera. Minibasi yofooka injini simungaidziwe ili pasiteji, imadziwika pokwera chitunda. Vuto lanu limabwera pamtunda, ndiye mtundawo tikuubweretsa m'chipinda momwe muli oyang'anira.

Adzakumatani timapepala khumi tolumikiza mawaya a ECG, n'kukumangani lamba wa BP pamkono. Ambiri amatsata njira yomwe dokotala wa mtima Robert Bruce wa ku Seattle ku America anafalitsa mu 1963: mumayamba pang'onopang'ono, pafupifupi makilomita 2.7 pa ola, ndipo pakatha mphindi zitatu zilizonse makina amawonjezera liwiro ndi kukwera kwa mtunda. Kawirikawiri kuyendako sikupitirira mphindi 12. Pamsinkhu wanu kugunda kwa mtima kungafike cha m'ma 166 pa mphindi, kutengera chiwerengero cha 220 kuchotsa zaka. Kumene kuli zipangizo zokwanira amavekanso chophimba pakamwa ndi mphuno choyeza okosijeni amene thupi likugwiritsa ntchito, ndipo chimathandiza kusiyanitsa ngati befuyo akuchokera kumtima kapena kumapapo. Ngati munadwalapo chifuwa chachikulu, nenani, poti TB imasiya zipsera m'mapapo ngakhale munthu atachira.

Chimene ndikupemphani kwambiri ndi ichi: musakalimbe mtima kuti muoneke mwamuna. Azibambo ambiri amaluma mano, thukuta lili kamukamu, ukawafunsa akuti "ndili bwino". Pachifuwa pakathina, mukamva chizungulire kapena ululu ukutsikira kumkono, nenani nthawi yomweyo, adzaimitsa makina. Mphindi imene ululu wayambira ndi gawo la zotsatira zomwe tikufunazo.

Patsikulo valani nsapato zoyendera, musadye chakudya cholemera kwa maola atatu musanayezedwe, khofi mumupewe. Mankhwala ena monga atenolol amachepetsa kugunda kwa mtima, choncho tengani mapaketi anu onse adokotala akawaone tsiku lisanafike, koma musasiye kumwa mwa inu nokha.

Ululuwo ukakupezani mutangokhala, kapena ukapanda kuleka mutapumula mphindi zingapo, musadikire tsiku loyezedwa. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.