Musasiye tramadol mwadzidzidzi

Achimwene, popeza mukuti mwamwa tramadol, mankhwala oletsa ululu, tsiku lililonse kwa miyezi 5 chifukwa cha msana, musamusiye kamodzinkamodzi, ndiponso musawonjezere mapiritsi mwa inu nokha. Pitani kwa dokotala kuti akuchepetsereni mlingo pang'onopang'ono pa milungu ingapo.

Tramadol ali m'gulu limodzi ndi morphine, mankhwala amphamvu kwambiri oletsa ululu, choncho thupi limamuzolowera ngakhale kuti munayamba kumwa molangizidwa ndi achipatala. Thukuta, kusowa tulo ndi kusakhazikika kwa miyendo zimene mukuti zimabwera mukaphonya kumwa ndi zizindikiro zakuti thupi layamba kudalira mankhwalawo, ndipo zimenezi si chinthu chochititsa manyazi.

Ndinaziona kwa mng'ono wanga atachita ngozi ya njinga yamoto. Bala linapola, koma iye anapitiriza kugula mapiritsiwo popanda chikalata cha dokotala, n'kumawabisa m'thumba la jekete. Tsiku limene tinamulanda onse anagona akunjenjemera, kutsegula m'mimba ndi kusanza, ndipo ndimadandaulabe kuti tinamuzunza pomwe tinkafuna kumuthandiza. Anachira titapita naye kuchipatala.

Mukakafika, mukanene zoona za kuchuluka kwa mapiritsi amene mumamwa, ndipo mukapemphe kuti apimenso msanawo. Munthu wamkulu sayenera kupitirira mamiligalamu 400 patsiku, ndipo kuphatikiza ndi mowa kapena mankhwala ogonetsa kukhoza kuimitsa kupuma. Mukakomoka, kugwa ngati wakhunyu kapena kupuma movutikira, athamange nanu kuchipatala nthawi yomweyo. Ngati kusiya kukukanika, achipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu pa vuto limeneli.